Mbuzi za Wotemera Nthomba

M'chaka cha 1934, ku boma kunafika kalata yopanda dzina. Inkanena kuti munthu wa boma wotemera nthomba ankalanda mbuzi kwa mabanja a pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, pomwe katemerayo anali waulere. Kalatayo inali pa pepala la boma, choncho anthu anadziwa kuti wolembayo amagwira ntchito komweko. Koma ndani?

M'munda, amayi ankathyola tiyi pakamwa posapuma.

"Akuti analemba 'mpusi' m'malo mwa 'mbuzi'," anatero a Emma akuseka. "Ameneyo ndi Mlomwe mnzathu basi, lilime lamutsatira mpaka papepala!"

Lizzie, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, sankakonda kuyankhula pagulu. Koma tsikulo kunyada kunamugwira.

"Alomwe olemba ku boma alipo angati? Si amalume anga okha, a Fabiano?"

Kunena zoona, sankadziwa kalikonse. Ankangofuna kuti nayenso amvekeko. Pofika Lachisanu nkhani inali itafika ku Khwethemule, kwawo kwa wotemera uja, ilibenso "mwina". Achibale a wotemera uja anaimitsa a Fabiano pamsewu n'kuwauza kuti ntchito iwathera, komanso kuti nyumba yaudzu sichedwa kupsa.

Lizzie anapita kwa a Leah, namwino wa ku mishoni amene ankakhala nawo pafupi.

"Amayi, ndinayambitsa ndine," anatero atazyolika.

"Unawaona akulemba?"

"Ayi."

"Ndiye wamuika munthu pamoto ndi liwu limodzi? Theka la Thyolo limati 'mpusi', ngakhale a kapitawo anu."

"Ndipite ndikanene kuti si iwo?"

"Zimenezonso sukuzidziwa, mwanawe. Ukatero ayamba kusaka wina. Funso lenileni ndi ili: mbuzi zinatengedwa kapena ayi? Kwanu sanatenge?"

"Anatenga yaikazi, ya bere."

"Ndiye amene analandidwa akanene okha, ndi mayina awo. Mboni zikachuluka, kalatayo siifunikanso."

Lizzie anayenda khomo ndi khomo. Paliponse ankayamba ndi kuvomera kuti za amalume ake anangolota masana. Ena anamuseka, ena anamuthamangitsa. A Emma ndi amene anayamba kuvomera.

"Yanga inali tonde wonenepa. Tiye, ndikayankhula ndine."

Lolemba mabanja asanu ndi anayi anakaima pa boma, aliyense n'kufotokoza mtundu wa mbuzi yake. Wotemera uja anachotsedwa ntchito n'kulamulidwa kubweza ziwetozo, ndipo ana otsala anatemeredwa mwaulere. Achibale a wotemerayo anasowa munthu mmodzi womuloza chala. A Fabiano anapitiriza ntchito yawo, ndipo Lizzie sanawafunse konse ngati anali iwo.

Munthu akaulula zoipa n'kubisa dzina, amakhala ndi chifukwa. Tisamusake, tisatchule mayina ongoganizira. Tifufuze ngati zimene wanenazo ndi zoona, ndipo ngati tikudziwapo kanthu, tikachitire umboni.