Mabulo a m'Thireyi ya Mazira

Namakani ankasesa maofesi asanu ndi awiri patsiku, ndipo akafika kunyumba chipinda cha bambo ake chinkakhala chikumudikira. Anali wotopa kutopa kuja kosatha ndi tulo. Msana unkawawa, manja atasuwa ndi sopo. Mlongo wake, katswiri wothandiza ndi pakamwa, ankangoimba foni n'kunena kuti, "Limbani mtima, achemwali," basi n'kudula.

Mdalayo anali atayamba kuiwala. Anaiwala kuti anasiya kalekale kukonza njinga, anaiwala kuti mkazi wake anamwalira, kenako anaiwala nkhope ya mwana wake yemwe. Ankamuyesa mayi wantchito. "Zikomo mayi, madziwo ikani apo." Mawu amenewa ankamupweteka Namakani kuposa msana.

Chimene sanaiwale ndi mabulo ake, timipira tagalasi tija ana amasewera pafumbi. Anagula paketi imodzi atangokwatira, tonse tofanana, tokhala ndi katsamba kobiriwira m'kati. Mwana kapena mdzukulu akabadwa, ankatengapo kamodzi, malemu mkazi wake n'kudonthezapo penti yofiira ya m'zikhadabo, aliyense chizindikiro chake. Ankatisunga m'thireyi ya mazira pawindo.

Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe mdalayo ankatola kamodzikamodzi, kukayandikiza kudiso.

"Madontho awiri. Uyu ndi mlesi uja, anayamba kuyenda atamera kale mano onse." Akatero ankatola kena. "Dontho limodzi, lopendekeka. Namakani wanga! Uyu anabadwa akukalipa, mpaka azamba anapepesa."

Pamenepo ankadzutsa mutu, maso n'kuwala. "Iwe, wadya koma?"

"Ndadya, ababa."

Zinkatenga mphindi imodzi, mwina ziwiri, chifunga cha kuiwala n'kubwereranso. Koma Namakani ankapirira tsiku lonse chifukwa cha kamphindi kameneko.

Loweruka lina, mdalayo akuwodzera pampando, Namakani anaona mphemvu ikutuluka m'thireyi muja. Mabulo anali bii, girisi wa njinga wa zaka makumi anayi atasakanikirana ndi fumbi. Munthu wosesa akaona litsiro, manja sadikira mutu. Anawathira onse m'beseni la madzi otentha, nawonjezamo mankhwala amene amatsukira masinki a kuntchito, n'kupita kukachapa zofunda. Atabwerako anawakwecha ndi bulashi. Anawala mbee, okongola ngati ogula lero.

Ndi pamene ankawapukuta pomwe anaona kuti madontho onse apita. Anathamangira kwa mayi woyandikana nawo nyumba, wokonza tsitsi, kukabwereka penti ya m'zikhadabo. Yofiira inalipo, koma yowala kwambiri. Anakhala pakhonde n'kumadontheza, akuyesetsa kukumbukira kuti wa ndani anali bwanji. Pa kake anaika dontho limodzi, nalipendeketsa dala.

Madzulo mdalayo anakoka thireyi yake. Anatola kamodzi, kukatembenuza, kukabweza. Anatola kena, chimodzimodzi. Namakani anaima pakhomo ndi chikolopa m'manja. Potsiriza zala zija zinafika pa ka dontho limodzi. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ili si dzanja la mkazi wanga," anatero motsitsa. "Ana anga wapita nawo ndani?"

"Ndi omwewo, ababa. Ndangowasambitsa."

Mdalayo anapukusa mutu, koma sanakalipe. Ulemu wokha ndi umene matendawo anamusiyira. Anatambasula mkono.

"Mayi, inu mumatithandiza kwambiri pakhomo pano. Tengani aka, mukapatse ana anu azikasewera."

Namakani analandira ndi manja awiri, n'kukaponya m'thumba la epuloni momwe munali makiyi a maofesi. Analibe ngakhale mphamvu yolirira. Anawerama n'kuyamba kukolopa pansi pa bedi.

"Kodi mayi," anafunsa mdalayo akuyang'ana pawindo, "mwana wanga wamkazi uja bwanji sabwera kudzandiona?"

Namakani anafinya chikolopa m'ndowa.

"Abwera, ababa. Wangotopa."