Odi wa ku Lobi

Kettie anali asanamalize miyezi yoyesedwa pa ntchito pamene a Gerevazio, mkulu wa ofesi, anamuuza kuti achotse Lobi pa mndandanda wa zipatala.

Ntchito yake inali yoyang'anira makompyuta a tizipatala ta kumidzi timene bungwe lawo linkathandiza. Iye ndiye analemba kapulogalamu kamene kankagogoda makompyuta onsewo nthawi imodzi, ngati munthu wochita odi pakhomo, n'kuyeza kuti aliyense watenga nthawi yotani kuti ayankhe. Woyankha msanga dzina lake linkaoneka lobiriwira, wochedwa linkafiira. Linthipe ankayankha usanaphethire. Kabwazi ankazengereza pang'ono koma ankafika. Koma Lobi, mayo ine! Kufiira tsiku ndi tsiku.

"Mawa kukubwera alendo a ku likulu," anatero a Gerevazio akupukuta magalasi awo. "Aone zobiriwira zokhazokha. Lobi yo ibiseni kaye."

"Bwana, ku Lobi netiweki ikudwala. A Monika, anamwino aja, zotsatira za magazi akumazilandira wodwala atabwerera kale kwawo."

"Ndanena. Ichoke Lobi, apo ayi muchoke ndinu."

Anthu enatu! Amasesa pabwalo pokha, zinyalala n'kukankhira kuseri kwa nkhokwe. Kettie anapsa mtima. Ntchitoyi anaifuna ndi mtima wonse, ndipo ankaopa kubwerera kwawo chimanjamanja. Komabe nkhope ya a Monika inakana kumuchoka m'maso.

M'mawa mwake kunadzuka nkhungu ndi chisanu choluma zala. Alendo anafika atavala majekete okhuthala, anamwa tiyi, kenako anaima kumbuyo kwa Kettie. A Gerevazio anamwetulira mpaka mano onse panja.

"Tawaonetsani, mayi."

Kettie anadina. Mayina anayamba kutsika monga mwa nthawi zonse, obiriwira, obiriwira. Pofika pa Lobi kapulogalamu kanaima n'kudikira. Kenako dzinalo linatuluka lofiira psuu.

"Kalakwitsa kameneko," anafulumira a Gerevazio. "Kompyuta ya kumeneko tinaizimitsa, tikuikonza."

"Ndi yoyaka, bwana," anatero Kettie osatembenuka. "Ikanakhala yozima sikanayankha n'komwe. Yayankha, koma mochedwa, ndipo imatero masiku onse." Anadinanso kuti aone bwino, Lobi n'kufiiranso.

Mmodzi wa alendowo, mayi wa imvi m'mphepete mwa mpango, anawerama n'kuloza ndi chala. "Zayamba liti zimenezi?"

"Chiyambire dzinja, mayi."

"Nanga mumatiuza kuti zonse zili bwino bwanji, bambo?"

A Gerevazio anangotsokomola. Mayiyo anauza dalaivala kuti ulendo umene anakonza wa ku Linthipe usinthe, apite ku Lobi akaone okha.

Galimoto itangotuluka pageti, a Gerevazio anatambasulira Kettie dzanja osamuyang'ana. "Makiyi a ofesi."

Kettie anawaika patebulo, osati m'dzanja lawo. Misozi inali pafupi, koma anailetsa, a Gerevazio asaione. Anamanga mpango wake pakhosi n'kunyamula chikwama.

"Mwadzichotsa nokha ntchito," anatero mkuluyo. "Chifukwa cha kamzere kofiira basi?"

"Kamzereko kuli anthu, bwana," anayankha Kettie ali pakhomo. "Tsalani bwino."