Fani yanga inalembedwa ntchito

Kkkkk ndiyambire poyambirira chifukwa ndikangoti fani ya kuchipinda kwanga pano ikugwira ntchito ku inshuwalansi muziti mutu wanga sukuyenda.

Amayi anga ndi a zamakompyuta. Kampani ina ya inshuwalansi inawatenga pa kontirakiti kuti asamutse zinthu zonse kuchoka mu chikompyuta chakale kupita mu zatsopano. Chikompyutacho pa ofesipo amachitchula Chimdala. Ndinachionapo kamodzi, chili ngati mafiliji angapo ogundana, ndipo chili ndi chipinda chakechake chozizira bwino pomwe anthu akuphikika m'maofesi. Ntchito yake ndi kutafuna manambala a makasitomala onse kuyambira makolo athu ali anyamata, kenako nkulavula lipoti la pamwezi lonena komwe ngozi zikuchuluka ndi amene akuoneka kuti akunama. Vuto ndi loti omwe anapanga pulogalamu yake anatseka kalekale. Ukaimba nambala yomwe ili pa chomata chake amayankha ndi a saluni kkkk. Ndiye tsiku lomwe chidzafe chafa basi, kulibe wochidzutsa.

Amayi anavutika nacho miyezi. Timadya iwo maso ali pa laputopu akutukwana chamumtima. Akuti mkati mwa pulogalamuyo munthu wina wakale analembamo kuti osakhudza apa, sindikudziwa chifukwa chake koma osakhudza. Iwo anakhudza, ofesi yonse inakhala tsiku lonse osagwira ntchito kkkk.

Koma anamaliza. Lipoti lomwe Chimdala chinkatafuna kuyambira m'mawa mpaka nkhomaliro, pa yatsopanoyi umangodina batani, usanachotse chala lafika.

Tsopano nkhani inali apa. Kuti kontirakiti isanduke ntchito yokhazikika pamafunika abwana akulu asayine kuti kusamukako kwatheka. Akapanda kusayina, mwezi ukatha amayi abwerera kunyumba chimanjamanja. Abwanawo kumbali amawatchula a Tidikire, chifukwa ngakhale uwauze kuti nyumba ikupsa amati tidikire kaye.

Tsiku loonetsa amayi anavala nsapato zawo zazitali zija zomwe amayenda nazo ngati akuponda mazira. Anadina batani, lipoti mbee pa sikilini. A Tidikire anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso.

"Ndiye yaganiza nthawi yanji?"

Amayi anafotokoza zonse bwinobwino, nkuika lipoti la Chimdala pambali pa latsopanolo kuti aone okha kuti manambala ndi omwewo mzere ndi mzere. Abwana anati ndi zomwe zikuwaopsazo. Akuti mwana akamaliza mayeso anzake asanakhale nkomwe pansi, mayankho nkukhala ofanana ndi a mnzake, ameneyo waonera. Cholembera chinabwerera m'thumba.

Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawaikira kumbuyo amayi. Amayi anadabwa, mpaka asekilitale anawakokera ku bafa nkuwauza zoona. Tsiku la lipoti Chimdala chikamaganiza, makompyuta onse pa ofesipo amakwawa, ndiye kuyambira kalekale m'mawa umenewo ndi wa aliyense. Wina kukametetsa, wina kukaona mwana kusukulu, aakaunti kukakonzetsa galimoto, a Tidikire amatseka chitseko nkuvula nsapato. Asekilitalewo ndi tsiku lawo lokalukitsa tsitsi.

"Achemwali, mwakonza bwino ndithu, koma mwatiphera tsiku."

Madzulo ake amayi anafika nkukhala pa sofa nsapato zili kuphazi. Abambo anga, omwe kompyuta amaidziwa poyatsira pokha, anayamba kulangiza kuti mwina awajambulire abwanawo chithunzi cha mizere yokwera. Amayi anangowayang'ana, abambo anakumbukira zoti sanatseke geti kkkk.

Kunali kutentha, ine ndili kuchipinda ndayatsa fani yanga. Fani imeneyi ndi yakale, phiko limodzi linathyoka m'mphepete ndiye imalira kuti khwe khwe khwe ngati ikukoka chifuwa. Ndinangoona amayi aima pakhomo, mutu atapendeketsa, akumvetsera. Kenako analowa nkuzula pulagi.

"Ndibwereke mwanawe."

Ndinati mpaka liti, anati tidikire.

Zomwe anachita ndi izi. Mu pulogalamu yawo yothamanga ija anawonjezeramo kamzere kouza kompyuta kuti ikamaliza ikhale kaye phee mpaka nkhomaliro. Pa sikilini anaikapo kamzere kobiriwira kokwawa pang'onopang'ono, kamafika pakati nkuima, nthawi zina kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti anthu mitima ikhale m'mwamba. Fani yanga anaitsekera mu kabati yachitsulo yopanda kanthu pafupi ndi chipinda cha Chimdala. Anakatenganso pulinta yakale ya mapepala obowoka m'mbali, yolira ngati ikucheka thabwa. Munthu wa digiri, usiku ndi usana kuthamangitsa pulogalamu, lero akuiphunzitsa ulesi. Abambo anati za ulesizo akanangowafunsa iwo.

Tsiku loonetsanso ine ndinali kusukulu koma asekilitale anajambula pa foni, vidiyoyo ndaionera mpaka batire kutha. Amayi adina batani. Kamzere kayamba kukwawa. Mu kabati muja khwe khwe khwe. A Tidikire anyamuka, apita pa kabati, aikapo dzanja, kenako khutu. Atseka maso ngati akumva nyimbo ya pa ukwati wawo.

"Eya. Iyi ndiye ikugwira ntchito."

Anaitana anyamata atsopano kuti abwere adzamve mmene manambala amalirira akamawerengedwa. Mmodzi anagwira kabatiyo nkuvomera kuti ndithu ikuchita kunjenjemera. Kenako vidiyo ikungoonetsa anthu akutola zikwama mmodzimmodzi, nkuthera pomwepo chifukwa wojambulayo naye anali ndi tsitsi lomudikira.

Nkhomaliro itakwana pulinta inalira, lipoti linatuluka, manambala omwe aja osasintha ngakhale kadontho. A Tidikire anatuluka mu ofesi nkhope ili ndi mizere ya khushoni, anawerenga modekha, nkusayina. Anawauza amayi kuti mwaona mayi, kuthamanga sikufika. Anawonjezera kuti lipoti la pachaka ndi lalikulu, lisamangoganiziridwa m'mawa umodzi ngati la pamwezi, aone ngati makina atsopanowa angakwanitse kuliganizira masiku angapo. Amayi anati ndi ntchito yovuta koma ayesetsa.

Ntchito anaipeza. Chimdala anachizimitsa, chipinda chake chozizira pano a Tidikire ndi omwe asamukiramo.

Ine ndinadikira fani yanga. Sabata yotsatira akuti kunabwera woyang'anira zipangizo za kampani kudzamata manambala pa katundu watsopano. Anatsegula kabati, anapeza fani ili yokhayokha ikupukusa mutu, sanafunse kanthu, anangoimata chomata pakhosi. Pano ndi katundu wa kampani. Nditadandaula amayi anati ndisachite nsanje, mnzanga wapeza ntchito yokhazikika ine ndikadali pasukulu.

Ndinawapempha kuti akapita akaionereko phiko lothyoka lija, mwina alimange ndi selotepi lisanatheretu. Anati ayi, phiko limenelo ndi lomwe likutidyetsa. Anandionetsa chithunzi pa foni, mkati mwa chitseko cha kabati amatamo kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo, osakhudza apa.