Chala Chotchola Tiyi

Kanema wake sanali wautali. Benard anali atakhala pa njinga yake ya kabaza pa siteji ya Luchenza, atafungata Mwai, ali kakhanda. Ankayamba waseka kaye, kenako n'kunena kuti, "Mwai, uwauze amako asiye kutijambula, foni ingathe mafuta." Akatero ankayamba kanyimbo kachilomwe kamene ankagonekera mwanayo, mpaka minibasi ina n'kumeza mawu ake ndi hutala. Basi, n'kuthera pomwepo.

Anajambula ndi Teleza, mkazi wake. Sankadziwa kuti chaka chotsatira Benard adzadwala n'kutsikira kulichete, ndi kuti mawu ake adzatsala m'kanema yekhayo. Mwai anakula akudziwa bambo ake ngati munthu wokhala m'foni. Teleza akaweruka kotchola tiyi, mwanayo ankamuchingamira asanatule n'komwe dengu: "Amama, ababa."

Koma pamalayini, m'nyumba za antchito a pa esiteti, foni ili ngati mtondo. Mwini wake amadziwika, koma amasinjamo aliyense. Amene ankasinjamo kwambiri anali a Raphael, ang'ono ake a Benard. Tsiku lina, pofuna malo oika nyimbo, anafufuta zithunzi zonse za chinkhoswe.

"Ine ndimayesa n'zakale, alamu," anatero akukanda m'mutu.

Kanema uja anapulumuka mwamwayi chabe. Kuwakaniza foni alamu ake, Teleza sakanatha. Cathy, mnzake woyandikana naye khomo, ndi amene anamupatsa nzeru.

"Pita kuofesi ukaonane ndi a Zikani, amakompyuta aja. Saluma ayi."

Sankalumadi. Anali mnyamata waulemu, wobwera kuchokera ku Lilongwe, ndipo anasiya chakudya chake chamasana n'kumukokera mpando. Teleza anakhala kunsonga kwa mpandowo, masilipasi atawasiya pakhomo.

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Anthu amangoigwiragwira foniyi, bwana. Amafufuta zinthu."

Za Benard sanatchule. Akanayamba bwanji nkhani ya malemu kwa mwamuna wachilendo, makalaliki awiri atatchera khutu kuseri kwa mapepala awo?

"Zimenezo n'zosavuta," anatero a Zikani, nkhope itawala ngati munthu amene wafunsidwa funso lomwe amalikonda. Anaika m'fonimo kapulogalamu kachitetezo, n'kusamutsira zithunzi ndi makanema onse m'menemo. Anati kali ngati kabokosi kokhoma: ena azimvera nyimbo zawo, koma kabokosiko kazitseguka ndi chala cha Teleza chokha. Anamuuza kuti adinde chala chamkombaphala kuseri kwa foni, adindenso, adindenso. Inali nyengo yachilimwe, tiyi atachepa m'minda, ndipo chalacho chinali chosalala.

Kenako inabwera pini, yoti izigwira ntchito chala chikakana. Teleza anatchula chaka chimene Mwai anabadwa.

"Ayi, imeneyo aliyense angaiganize." A Zikani anasankha okha manambala osagwirizana ndi chilichonse. "Musalembe paliponse, musauze munthu."

Apa anayamba kuthamanga, Chichewa chikucheperachepera. Teleza anamva enkiripishoni, anamva kilaudi. Mawuwo ankamudutsa ngati malole a tiyi pamsewu wa fakitale.

"Bakapu tiikenso?"

Teleza anayang'ana mbale ya bwanayo, mpunga utazizira. Anaona kuti wapempha kale zambiri.

"Ayi, zimene mwachitazi zakwana, bwana."

"Chabwino. Ndatcheranso kuti wina akalakwitsa pini kambirimbiri, ipange waipu yokha. Mwamva?"

"Inde, bwana."

Kwawo kwa Teleza, munthu wamkulu akafunsa kuti mwamva, yankho limakhala inde.

Manambala aja anawabwereza njira yonse yodutsa m'tiyi, ndipo anafika nawo kunyumba amphumphu. Koma chala chinkatsegula bwinobwino tsiku lililonse, choncho pang'onopang'ono anasungunuka m'mutu. A Raphael ananyinyirika masiku angapo kuti alamu awayesa mbala, kenako anazolowera. Teleza ankagona mtima uli m'malo.

Mvula itagwa, tiyi anaphukira mwaukali. Kapitawo ankawafuna m'munda mame asanaume, ndipo manja ankagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga. Zala zinada ndi utomoni, zinang'ambika, timizere take n'kufufutika monga zimachitira chaka ndi chaka. Kabokosi kanayamba kuchita manyazi. Lero katsegula atadinda kawiri, mawa atapukuta chala pachitenje.

Lamulungu lina masana, atabwera kutchalitchi, kanakaniratu.

"Kasambe m'manja ndi sopo," anatero Cathy. Teleza anasamba. "Dzola mafuta." Anadzola. Foni inangonjenjemera n'kupempha pini.

"Amama, ababa," anatero Mwai akukoka chitenje.

Pamalayini chinthu chikavuta munthu sachisenza yekha. Njinga ikaduka tcheni, wailesi ikangoti zii, anthu amasonkhana, aliyense n'kuyesako dzanja lake. Ndi mmene zinachitikira. Posakhalitsa khonde la Teleza linadzaza.

"Mwaonatu, alamu," anaseka a Raphael. "Munkatsekera ine, lero yatsekera eni ake. Tabweretsani kuno."

"Iwe Raphael, mayeso a Sitandade 8 anakukana, ndiye manambala a bwana akuvomere?" anatero Cathy.

"Mayeso aja anali ndi kaduka. Alamu, inkayamba ndi chiyani?"

"Ngati seveni. Kapena inkathera seveni."

Anayesa a Raphael. Anayesa Cathy. Anayesa a Crispin alonda, amene ananenetsa kuti anthu ophunzira amakonda manambala obwerera chambuyo. Pagalasi panabwera mawu ofiira achingerezi.

"Akuti tidikire pang'ono," anawerenga Cathy, yemwe anafikako Fomu 2. Mawu ena apansi anali ang'onoang'ono ndi aatali, anawalumpha.

Anadikiradi mwaulemu, akudya mango. Nthawi itakwana anayambiranso. Mawu ofiira anabweranso, iwo n'kudikiranso.

Mumtima mwa Teleza munabwera kanthu, ngati kamwala m'nsapato. Anakumbukira a Zikani akufunsa kuti mwamva. Anafuna kunena kuti ingoisiyani, ndikaonetsa mawa kuofesi. Koma Mwai anali atayamba kulira, ndipo munthu umalanda bwanji chinthu m'manja mwa anthu amene asiya zawo kudzakuthandiza? Anangokhala, manja ali pamiyendo.

"Yatseguka!" anakuwa a Raphael. "Cathy, ubweze mawu aja!"

Amayi ena analuluta. Foni inayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa mwini wake. Kabokosi kanali kotseguladi, koyera ngati mbale yotsuka. Munalibe kanthu.

M'mawa mwake Teleza anapempha kapitawo n'kutsikira kuofesi.

"Pini munalakwitsa kangati, mayi?" anafunsa a Zikani.

"Tonse tinayesako, bwana."

"Nonse? Nonse ndani?"

"Apamalayini."

A Zikani anavula magalasi. "Koma ndinakuuzanitu kuti ikalakwika kambiri ipanga waipu."

"Munandiuza, bwana."

"Ndiye munamva kuti chiyani?"

Teleza anayang'ana pansi. Simenti ya muofesimo inali yopakidwa polishi wofiira, ndipo zala zake zakumapazi zinali zitasiyapo matope.

"Sindinamve, bwana."

"Kufufuta, mayi. Kufufuta zonse, kuti wakuba asapezemo kanthu." Anaima kaye, ngati akudabwa kuti mawu ake m'Chichewa analipo, afupi chotero. "Nanga chala chinatani? Taonetsani."

Teleza anatambasula dzanja. A Zikani anayang'ana chala chakuda, chong'ambika, chopanda mzere ndi umodzi womwe. Pawindo kumbuyo kwawo tiyi anali atayala phiri lonse, anthu atamwazikamo ndi madengu kumsana. A Zikani ankawaona tsiku lililonse.

"Zimatere chaka chilichonse?"

"Mvula ikangogwa."

"Sindinaganizeko," anatero chapansipansi. "Munali chiyani m'menemo?"

Ulendo uno Teleza ananena, makalaliki akumva. Ananena za njinga, za kuseka, za kanyimbo, ndi za mwana amene sadziwa bambo ake kwina kulikonse. Makalaliki anasiya kutembenuza mapepala.

"Mukanandiuza tsiku lija, bwenzi nditamukopera pakompyuta pano. Bakapu ija ndi imeneyo. Inali ntchito yakanthawi kochepa."

"Simunafunse, bwana," anatero Teleza. Sanali kudandaula. "Inenso sindinanene."

A Zikani analumikiza foni kukompyuta yawo. Anayesa ichi, anayesa icho, anaimbira mnzawo wa ku Blantyre, mpunga n'kuziziranso m'mbale. Pomaliza anazula chingwe n'kumubwezera foniyo ndi manja awiri.

"Kapulogalamuka n'kabwino kwambiri," anatero. "Kakafufuta sikasiya kanthu. Pepani, mayi."

Madzulo dzuwa lisanalowe, a Raphael anabwera ndi nkhuni, n'kuzitula pakhonde, n'kubwerera osapempha foni. Mwai anadza n'kukhala pamiyendo pa amake.

"Ababa."

"Lero ababa ndinena ine," anatero Teleza. Anakonza kukhosi. "Mwai, uwauze amako asiye kutijambula..."

"Ayi! Amayamba aseka kaye."

Teleza anayesa kuseka ngati Benard. Chimene chinatuluka sichinali chiseko cha munthu aliyense. Mwai anamuyang'ana mokhumudwa, kenako anaseka yekha, kuyambira pansi n'kukwera, ndendende ngati bambo ake. Ananena za mafuta a foni. Anayamba kanyimbo kachilomwe kaja, mawu ena akuwapotoza. Atafika pakati anati "Piiii!" ngati hutala ya minibasi, n'kukhala chete, wokhutira.

"Imapitirira, mwanawe," anatero Teleza. "Ababa ankaimba mpaka kumapeto."

"Imati bwanji?"

Teleza anatsegula pakamwa. Zaka zonsezi nayenso ankangoimvera m'foni. Anaiyamba kuchokera poyambirira, pang'onopang'ono, kuti mwina lilime lipitirira lokha. Anafika pahutala paja, n'kuima.