Moto wa pa Laputopu

A Amiri a ku Chia anatha zaka zisanu ndi chimodzi osatchula dzina la mwana wawo Nasiru. Chinawapsetsa mtima n'chakuti mnyamatayo anakwatira Muriel, mwana wa mkulu wa mpingo wa Angilikani ku boma, ukwati wake n'kukamangitsa kwa DC popanda shehe ngakhale wansembe. Awiriwo atapita ku Joni, nkhani zawo zinkafika pakhomo kudzera mwa Fauzia yekha, mlongo wake wa Nasiru, yemwe ankaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu yapafupi. Bambo ake akangomva kuti akulankhula ndi mchimwene wake pa foni, ankatenga khasu n'kupita kukaona mpunga kudambo.

M'mwezi wa Januwale a Amiri anagwa ali kumunda, mbali yakumanzere n'kuuma. Kuchipatala anawagoneka sabata ziwiri n'kuwabweza kunyumba. Kulankhula ankalankhula ndithu, koma mokoka mawu. Lachinayi lina Fauzia akuwapukuta kumaso, anamufunsa dzina la mwana amene akuti anabadwa ku Joni uja. Anawauza kuti ndi Ikram, ndipo ali ndi zaka zinayi. Pamenepo a Amiri anati akufuna kumuona mwanayo, pamodzi ndi bambo ake.

Fauzia anatumiza uthenga kwa Nasiru. Nasiru ankagwira ntchito m'fakitale momwe mafoni ankasiyidwa pageti, ndipo mpata wake unali wa masana okha, kuyambira wani koloko mpaka hafu pasiti. Anagwirizana kuti mawa lake Muriel abwere ndi mwana pagetipo, aimbe foni ya vidiyo.

Vuto linali moto. Mphepo inali itagwetsa mapolo, ndipo magetsi anali atatha masiku anayi osayaka. Kusukulu kunali sola, koma batire lake linali lotopa, choncho ahedi ankalola kutchaja laputopu ya sukulu yokha, mafoni ayi. Fauzia ndiye ankasunga laputopuyo, ndipo masiku onsewo ankabwera nayo yodzaza n'kulumikiza foni yake ndi chingwe pa kabowo ka USB.

Lachisanu m'mawa kunabwera Layson, wokonza mafoni wa kumsewu, kudzazonda odwala. Ataona foni ili pa laputopu n'kumva za foni ya masana, anapukusa mutu. Anafotokoza kuti kabowo ka makina akale ngati amenewo kamatulutsa moto wochepa, mawati awiri ndi theka basi, pamene chaja cha pakhoma chimapereka khumi kapena kuposa. Anati vidiyo imadya moto wambiri kuposa umene kabowoko kangabwezere, makamaka kuno kumene foni imachita kulimbana ndi netiweki.

"Madamu, kachizindikiro ka mphezi kasakunamizeni," anatero Layson. "Ndipatseni ndikaiike pa sola yanga, ndibwera nayo isanakwane thwelofu. Ngati simukufuna, izimitseni ndipo musaigwire."

Fauzia anathokoza koma anakana. Anati achibale akuimba pafupipafupi, komanso Nasiru atha kusintha nthawi. Mumtima ankaona ngati Layson akukokomeza, popeza masiku onsewo foniyo inali isanamugwiritse mwala.

Kuzimitsa sanazimitse. Amalume a ku Bua anaimba, anzake a kusukulu anaimba, ndipo aliyense ankafuna kumva zonse kuyambira pachiyambi. Cha m'ma teni anapita kukachapa zofunda za bambo ake, ndipo potuluka anatseka laputopu kuti fumbi lisalowe. Sanadziwe kuti makinawo akatsekedwa ankagona, kabowo n'kusiyiratu kupereka moto. Pobwera kuchokera kochapa, dzuwa lili pamutu, anapeza foni ili pa 11 peresenti. Anaganiza zokwera kabaza kupita kwa Layson, koma kupita ndi kubwera kukanatenga pafupifupi ola, ndipo panali bambo ake oti awasambitse. Anatsegula laputopu, kamphezi n'kuoneka, iye n'kudziuza kuti foni ili pachingwe singazime.

A Amiri anafuna kuvala mkanjo wawo woyera ndi chisoti cha kumzikiti. Fauzia anawatsamiritsa kukhoma ndi mapilo, n'kusendeza tebulo pafupi chifukwa chingwe chinali chachifupi. Wani koloko itangopitirira, foni inalira. Inali pa 14.

Nkhope ya Nasiru inaoneka, yonenepa kuposa mmene anachokera, kumbuyo kwake kuli mpanda wa waya. Anapereka salamu, bambo ake n'kuyankha pang'onopang'ono. A Amiri sanali munthu wothamangira pamutu wa nkhani. Anafunsa za ntchito, za nyengo ya kumeneko, ngati pafupi pali mzikiti. Kenako Muriel anamukweza Ikram m'mwamba, ndipo kamwanako kanabisa nkhope pakhosi pa mayi ake n'kumasuzumira ndi diso limodzi. Mkuluyo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, nati mphumi imeneyo ndi ya malemu agogo ake aakazi. Anamupatsanso moni Muriel, pomutchula dzina, n'kumufunsa ngati amamva za makolo ake.

Fauzia ndiye anagwirizira foni, ndipo maso ake anali pa kanambala ka pakona. Kanachoka pa 14 kufika pa 9, kenako 6, kamphezi kali pomwepo. Anadziwa kuti akanatha kuzimitsa vidiyo kuti angomvana mawu okha. Koma bambo ake anali atayandikitsa nkhope pagalasi, akuyang'ana mdzukulu wawo, ndipo iye analephera kuwalanda. Anadziuza kuti adikire pang'ono chabe.

"Nasiru, mwana wanga," anatero a Amiri, "tsopano tamvera chimene ndakuitanira."

Galasi linada pomwepo.

Maso a mkuluyo anali ofooka, ndipo polankhula anali atawerama. Sanaone kanthu. Anapitiriza, mawu amodziamodzi, nati wolakwa anali iwo, chifukwa anaumitsa mtima pa nkhani yoti akanangokhala pansi n'kumva. Anati Muriel ndi mpongozi wawo ndipo pakhomo pano ndi pake. Anati asamachite manyazi kubwera. Fauzia anangogwira foni yakufayo m'mwamba monga mmene inalili, misozi ikutsika.

"Wamva, Nasiru?"

"Yazima, Ababa," anatero Fauzia. "Moto watha."

Anamuyang'ana, n'kuyang'ana foniyo. Sanakalipe. Anangoti palibe kanthu, adzanenanso mawa Mulungu akalola, ndipo anapempha kuti awagoneke chifukwa atopa.

Foni inatenga mphindi zoposa makumi awiri kuti iyakenso. Pamene imayaka n'kuti Nasiru atalowa kale m'fakitale, atasiya mauthenga asanu ofunsa chimene chachitika. Madzulo omwewo Fauzia anapita nayo yekha kwa Layson, ndipo inadzaza pasanathe maola awiri.

Loweruka kutacha a Amiri anadzuka lilime litauma. Nasiru anaimba masana, foni ili yodzaza, ndipo analankhula yekha kwa theka la ola, bambo ake akungoyang'ana. Lamulungu a Amiri anatisiya, ndipo monga mwa mwambo wa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo.

Nasiru anafika pa sadaka ya masiku makumi anayi, ali ndi Muriel ndi Ikram. Anthu atabalalika, anamuitanira mlongo wake kuseri kwa nyumba n'kumufunsa ngati akudziwa chimene bambo ankafuna kunena tsiku lija. Fauzia anamuuza zonse, mawu ndi mawu, mmene anazimvera.

"Fauzia, usandinamize pofuna kunditonthoza," anatero Nasiru. "Ababa aja kunena kuti ndinalakwa? Analipo wina amene anamva?"

Panalibe. Azakhali awo, amene ankathandiza kudwazika, anali kuchitsime nthawi imeneyo. Fauzia analumbira, kenako anafotokozanso za Layson, za mafoni amene ankayankha, za laputopu imene anatseka, ndi za vidiyo imene sanazimitse. Sanabise kalikonse. Ankayembekezera kuti mchimwene wake amukalipira, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma Nasiru anangotola kamtengo n'kumakanda pansi, kenako anati akaone ngati Ikram wadya.

Anakhala sabata imodzi. Anakonza denga la khitchini, anakapalira mpunga, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso. Tsiku lobwerera Fauzia anawaperekeza kumsewu kukadikira basi ya ku Lilongwe. Muriel anakhala pa chikwama, mwana ali pamiyendo. Nasiru anaima pambali ndi mlongo wake, akuyang'ana kumene basi ichokere.

"Tanenanso mmene ananenera," anatero motsitsa mawu.

Fauzia anayambanso, kuchokera pamene galasi linada. Nasiru anamvetsera mutu uli pansi mpaka anamaliza. Basi itafika anakweza katundu, anamugwira dzanja mlongo wake n'kumuuza kuti adzaimba akafika.