Telala Akasuma Akazi Ake ku Polisi

Atapuma pa ntchito ya upolisi, Mayi Pang'onopang'ono anayamba kuyenda m'mapolisi ndi m'ndende kuphunzitsa ogwira ntchito kumeneko momwe angalandirire anthu ochitidwa nkhanza. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira awo, chifukwa wapolisi akangoyamba kukalipira wodandaula, iwo ankati, "Pang'onopang'ono, bwana, munthuyu sanabwere kudzakuberani."

Pa maphunziro aliwonse ankapita ndi mayi wina wa zisudzo amene ankayerekeza kukhala wodandaula. M'mawa wina mayiyo anaimba foni kuti dzino lamutupitsa tsaya. Mayi Pang'onopang'ono anayang'ana pakhonde, pomwe amuna awo, omwe anali telala, ankalowetsa ulusi m'makina.

"Bambo a mwana, valani jekete. Lero mukakhala munthu womenyedwa ndi mkazi wake."

"Ine? Ndikanena chiyani?"

"Bodza lililonse. Inu amene mumauza anthu kuti diresi latsala zipi yokha nsalu musanaidule n'komwe, bodza lingakuvuteni?"

Chipinda chophunziriramo chinali kuseri kwa polisi. Pakona anaunjikapo njinga zolandidwa, ndipo fani ya kudenga inkangolira osatulutsa mphepo. Patebulo anakhalikapo sajeni wina wadzitho, yemwe anzake ankamutcha Chimkono. Telala analowa chipewa chili m'manja.

"Bwana, akazi anga amandimenya."

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Sajeni anachita kupukuta misozi. "Bambo wathunthu ngati inu, ndevu pepeya?"

"Imani pomwepo," anatero mayiwo. "Mwasekatu. Munthuyu watuluka ndi manyazi, sadzabweranso. Mudzakumana naye kuchipatala. Tiyambirenso."

Ulendo wachiwiri sajeni anawakokera telala mpando, n'kuwapatsa madzi, n'kufunsa motsitsa mawu, "Chachitika n'chiyani, bambo? Musafulumire."

Telala anamwa madziwo, n'kuusa moyo wautali.

"Amandibisira shuga, bwana. Wailesi amandizimitsira mpira uli mkati. Sabata yatha anatenga sizasi yanga yodulira nsalu, n'kudulira waya woyanikira zovala."

Makutu a Mayi Pang'onopang'ono anatentha. Pa zonsezo panalibe bodza ndi limodzi lomwe.

"Shugayo anakuletsani ndi adokotala!" anakuwa mayiwo.

Sajeni anatukula dzanja lake lalikululo. "Pepani, mayi. Wodandaula sayankhula womuzunza ali pomwepo. Mwatiphunzitsa nokha m'mawa uno. Kadikireni panja."

Wapolisi wamkazi anawaperekeza mwaulemu mpaka pabenchi ya m'khonde. Anakhala pamenepo chikwama chili pamiyendo, pakati pa bambo wobedwa foni ndi mayi wogulitsa nthochi. Kudzera pawindo ankamva amuna awo akufotokoza za bulangeti lomwe limathera mbali imodzi ya bedi. Sajeni sanawadule mawu. Anawafunsa ngati akuopa kubwerera kunyumba, ngati ali ndi mbale wowasunga, ngati pali bala loti adokotala aone. Mayiwo anakukuta mano, koma mutu unkangovomera wokha: mafunsowo anali omwe iwo ankaphunzitsa, ndipo anabwera m'malo mwake.

Pa nthawi ya tiyi, sajeni anawapeza mayiwo ali okha. Mawu ake anali atachepa.

"Mayi, mng'ono wanga masiku ano amavala malaya a manja aatali ngakhale kutenthe bwanji. Foni ikalira kuchokera kunyumba, amanjenjemera. Ndimuyambe bwanji?"

"Musapite mutavala yunifolomu," anayankha. "Mumutengere poti muli awiri. Mufunse kamodzi, kenako mutseke pakamwa. Akapanda kuyankha lero, musakwiye, mudzapitenso. Akayankha, mundiimbire, ndikuuzani koyenera kupita naye."

Sajeni anagwedeza mutu, n'kumwa tiyi wake yense ali chiimire.

Pobwerera, m'minibasi, mayiwo maso anali pawindo. Telala anali atafungatira thumba la mathalauza a apolisi oti akawabweze m'chiuno, nkhope ili ngwee.

"Mwandiyalutsa pamaso pa ana asukulu anga," anatero mayiwo pomaliza.

"Koma amayi, mesa aphunzira?"

Minibasi itaima kutsitsa anthu, mayiwo anati, "Sabata yamawa ndili ndi oyang'anira ndende. Pakufunika mkaidi wodwala amene akumukaniza kupita kuchipatala."

Telala anaweramira thumba lija n'kutsokomola chifuwa chochokera pansi pa mtima, mpaka mtsikana amene anakhala nawo pafupi anatseka mphuno ndi mpango n'kusamukira mpando wakutsogolo.

"Choncho chikwana," anafunsa, "kapena ndiwonjezere?"