Zikhomo za a Medson

Timibulu tija tinagwanso patebulo m'mawa wa tsiku lachinayi chiikire maliro a bambo wa m'nyumbamo. A Dyna anatisesa ndi m'mphepete mwa dzanja n'kutikokolera m'chikhatho, koma anachedwa kufumbata. Maziko, mwana wawo woyamba, anali ataona kale.

"Amayi, tatambasulani dzanjalo."

Anatambasula. Tinali touma, tofiirira, tating'onoting'ono ngati njere za bonongwe. Maziko anakweza maso kuyang'ana mtanda waukulu wa denga umene unadutsa pamwamba pa tebulolo.

"Chiswe ichi. Dzulo tinasesa, lero zagwanso. Nyumbayi yadyeka, amayi. Mvula ikangoyamba, denga ili likugwerani. Loweruka tinyamukira limodzi wa ku Blantyre, chipinda chilipo."

"Nanga nyumbayi?"

"Titseka. Zinazo tidzaona."

Dora, mlongo wake wa Maziko, ankatsuka makapu a anthu odzapepesa. Kapu imodzi anaitsuka katatu.

Maziko sanali mwana woipa. Vuto lake linali la anthu ofika mochedwa pa matenda: amafuna kuchita chinthu chachikulu msangamsanga kuti mtima uleke kuwaluma. Bambo ake, a Medson, anadwala miyezi isanu, iye n'kumangoti ndibwera mwezi ukatha. Tsopano ankafuna kupulumutsa amene anatsala, ngakhale powanyamula ngati katundu.

A Medson anagwira ntchito zaka makumi atatu m'nkhalango ya paini paphiri la Zomba, ndipo nyumba ya ku Sadziyi anaimanga okha, njerwa ndi njerwa, phiri likuwayang'ana. Matabwa ankawadziwa kuposa mayina a abale awo. M'mawa uliwonse, tiyi asanaphike, ankatenga supuni yopindika imene inkakhala pawindo n'kuyamba kugogoda: mphuthu za zitseko, miyendo ya mipando, mawindo, kabati. Pamene pamveka ngati m'mimba mwa ng'oma ankalembapo kamtanda ndi choko.

"Bambo a Maziko, kodi ndinakwatiwa ndi munthu kapena gogomole?" a Dyna ankadandaula ali m'bulangete.

"Gogomole ndi amene wakusungirani denga," iwo ankayankha, n'kupitiriza.

Zaka zonsezo a Dyna anadana nalo phokosolo. Tsopano ankadzuka pa nthawi yake yeniyeni, n'kukhala chete kudikira. Nyumba inkangoti zii. Sanasowe mawu a mwamuna wawo monga mmene anasowera supuniyo, ndipo zimenezi analibe womuuza, chifukwa ndani angamvetse mayi wolira phokoso limene ankalitukwana?

Dzuwa litapendeka anamva khasu likulira kuseri. Anatuluka n'kupeza Maziko ali pachulu cha kumalire a bwalo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, malaya atavula, chigubu cha mankhwala chimene anakagula m'tauni chili pambali.

"Ukuchita chiyani iwe?"

"Ndikufukula manthu wa chiswe. Ngakhale tikuchoka, asatidyere zonse."

"Ika khasulo pansi. Chulu chimenecho chinakuona ukukwawa."

"Ndiye chimene chikudya nyumba, amayi."

"Ayi. Chiswe si chimodzi." A Dyna anaima kaye, pakuti mawuwo sanali awo. Anali a a Medson, aja ankawamva ndi khutu limodzi akusenda mbatata, ndipo anatuluka ndi kamvekedwe kawo komwe. "Cha pachulu chikabwera sichibisala. Chimaopa dzuwa, ndipo chimayenera kubwerera pansi kukapeza chinyezi, ndiye chimamanga kamsewu kadothi pakhoma kuti chiyende mobisika. Zungulira nyumba yonseyi. Ukapeza kamsewu ngakhale kamodzi, ndikalongedza chikwama changa lero lomwe."

Maziko anazungulira, akuwerama m'makona, akusuzumira kuseri kwa thanki yamadzi. Anazunguliranso kachiwiri, chifukwa munthu wovala nsapato za m'tauni savomera msanga. Khoma linali loyera.

"Nanga zikugwa patebulozo?"

"Icho ndi china, cha m'thabwa louma. Dothi sichilidziwa. Chimabadwira m'thabwa n'kufera momwemo, ndipo timibulu tija ndi zimene chimataya pa kabowo kake. Chilinso chachitatu, chokonda matabwa onyowa. Ndi chija chinadya chitseko cha kubafa iwe uli ku sekondale, bambo ako n'kukonza mpopi m'malo mothira mankhwala."

"Ndiye cha m'thabwacho chili mu mtanda."

"Tiyeni tikaufunse mtandawo," anatero Dora, amene anali ataima pakhomo. Supuni yopindika ija inali kale m'manja mwake.

Maziko anakwera patebulo. Anagogoda mtanda koyamba mwamanyazi, ngati munthu wogogoda pakhomo pa eni ake.

"Menya ndithu," anatero amayi ake. "Suulasa."

Anamenya. Go, go, go. A Dyna anatsinzina. Ankaoneka ngati akumvetsera thabwa, koma zoona zake n'zakuti ankangofuna kuti phokosolo lisathe. Linalowa m'makutu n'kutsikira pachifuwa, ndipo kwa kanthawi kochepa kunali m'mawa, iwo ali m'bulangete, tiyi asanaphike. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Suntha kutsogolo. Menyanso."

Maziko anayenda nawo mtanda wonse mpaka kukhoma. Unali bulugamu wokhwima, wopakidwa oilo wakuda, ndipo paliponse unkayankha molimba. Anatsika thukuta lili kamukamu, n'kupereka supuni kwa mlongo wake. Dora anayang'ana pamene timibulu tinkagwera, n'kukweza maso pang'onopang'ono kutsata khoma. Pamwamba pa tebulo panapachikidwa chithunzi cha ukwati wa makolo awo. Anagogoda felemu yake kamodzi kokha. Inalira mopepuka, ndipo timibulu tinayoyoka patebulo onse akuona.

Atachitsitsa chithunzicho anapeza kuseri kwake kamtanda ka choko, kozimiririka.

"Ankadziwa," anatero Dora.

"Anandiuza chaka chatha kuti tiichotse tiiotche," a Dyna anavomera. "Ndinakana. Felemu imeneyi ndinasankha ndekha mumsika wa Zomba, ndili ndi pakati pa iwe, Maziko. Anangoti, chabwino, tidzisesa."

Dora anaseka, kuseka koyamba m'nyumbamo chichokere bokosi. Koma Maziko sanaseke. Anakhala pampando, akuyang'ana bambo ake pachithunzipo, mnyamata wowonda m'jekete lobwereka.

"Denga lili bwino, ndamva. Koma amayi, tisanamizane. Cha pachulucho sichinafike kuno chifukwa panali munthu wochilondera. Munthuyo kulibe. Inu dzanja lanu la nyamakazilo ngakhale mtondo munausiya. Mudzatha bwanji nokha?"

Funsoli linali loona, ndipo linawalasa a Dyna pamene pankapweteka kale. Anatuluka kupita kuseri kuti akamuonetse zikhomo, poganiza kuti mwina zikhomozo ziwayankhira. Pakati pa chulu ndi nyumba a Medson anakhomapo mzere wa zikhomo za paini, thabwa lofewa limene chiswe sichilipitirira. Loweruka lililonse ankazizula chimodzichimodzi. Chikapezeka chodyeka, ankadziwa pamene adani afika, ankakumba n'kuphwanya njira yawo, kuthirapo phulusa, n'kukhoma china chatsopano. Ankakonda kunena kuti mlendo ukamudyetsa pabwalo safika kuchipinda.

Koma pamzerepo panali mabowo okhaokha.

"Zikhomo zapita kuti?"

Maziko anayang'ana pansi, n'kukanda m'khosi. "Tizikhuni tija? Ndinauza anthu kuti azule pomanga tenti, kuopa kuti olira angapunthwe. Amuna anasonkhezera moto wa pamaliro."

"Zonse?"

"Sindinadziwe, amayi. Ndinkayesa ndi za mpanda wakale."

A Dyna anagwada n'kulowetsa chala m'bowo limodzi. Sanakwiye. Anangomva kuti mwamuna wawo wachokanso kachiwiri, ndipo ulendo uno watenga ndi mapazi ake omwe. Zikhomozo zinali zingati, zinkatalikirana bwanji, ankazisongola motani, iwo sanafunsepo. Ankaganiza kuti Loweruka silidzatha.

"Koma abambo nawonso," anatero Maziko, "ntchito yonseyi chifukwa chiyani? Osangochipha chulucho kalekale bwanji?"

"Mesa ngumbi, achimwene," anayankha Dora. "Mwaiwala? Mvula yoyamba ikagwa ankafunditsa chulu ndi udzu, n'kukwirira mphika pakamwa pake. M'mawa amayi n'kumakazinga ndiwo yawo yapamtima."

"Abambo sankadya ngumbi. Zinkawatulutsa zidzolo."

"Ndiye mwayankha nokha."

Kuphiri mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa mitengo ya paini, ndipo mphepo inkanunkhira mvula imene inali isanafike. Kenaka Maziko anapempha kiyi wa kashedi ka bambo ake, nati akafune thabwa asongole zina. Kashediko kanali kotseka chiyambire mwezi umene a Medson analeka kudzuka. A Dyna anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje, ndipo onse atatu anapita.

Munkanunkhira utomoni wa paini ndi oilo. Maziko sanafunike kufuna thabwa. Kuseri kwa chitseko kunali mitolo inayi ya zikhomo, zosongola kale, zomangidwa bwino ndi chingwe. Zinali zazifupi kuposa zija ankakhoma eni ake, zopyapyala, zoti munthu angazule ndi dzanja limodzi. Pamwamba pa mtolo woyamba panagona kanyundo ka mtengo, kopepuka, chigwiriro chake chokulungidwa ndi kansalu kuti chisapweteke m'manja. A Dyna anakazindikira kansaluko. Kanali ka chitenje chawo chakale chimene anachifuna mwezi wathunthu, mpaka kunamizira mphepo.

Pakhoma panajambulidwa ndi choko nyumba, chulu, mtengo wa mapeyala, ndi timadontho khumi ndi tiwiri pakati pake, mapazi atatu kuchoka pa kena kufika pa kanzake. Pansi pake panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, zoti munthu wa maso ofooka awerenge popanda magalasi, zina zitapendekera kumene dzanja linatopa: DYNA, LOWERUKA LILILONSE.

Pamaso pa ana, a Medson sanawatchulepo akazi awo dzina limenelo. Dora anatulukira panja atagwira pakamwa.

A Dyna anakumbukira masana aja a mwezi wa Juni, pamene ankakalipira mwamuna wawo kuti munthu wodwala akufunanji m'shedi, iwo n'kumangoti akuwongola miyendo. Anatola kanyundoko. Chigwiriro chinakwana m'dzanja lawo ndendende, ndipo chala chachikulu chinapeza kamalo kosemedwa kochidikira.

"Maziko, nyamula mtolo umodzi."

Anabwerera kumzere kuja. Maziko anagwada pa bowo loyamba, thalauza lake labwino lili m'fumbi, n'kuimika chikhomo ndi manja awiri.

"Amayi, nanga za ulendo wa Loweruka zija..."

"Loweruka ndili ndi ntchito," anatero a Dyna. "Chotsa zala."

Anakweza kanyundo ka mwamuna wawo n'kumenya. Go, go, go.